Botolo la buluu la m'dzenje

Funso: Pokumba dzenje la zinyalala kwathu ku Linga, Nkhotakota, ndapeza botolo la buluu lolembedwa Ayer's Hair Vigor. Agogo akuti ndi la azungu akale. Ndi la chiyani? Mayi wa ku Linga.

Yankho: Mayi, agogo sanalakwe. Munali mankhwala a tsitsi a kampani ya James Cook Ayer ya ku Lowell, Massachusetts, ku America. Ankawatsatsa kuti amathetsa imvi ndi kumeretsa tsitsi padazi. Chomwe chinkadetsa imvizo chinali mtovu wosakaniza ndi sulufule, ndipo mtovu ndi poizoni. Ayer anamwalira mu 1878 ali mpondamatiki. Nthawi imeneyo opanga mankhwala otere sankakakamizidwa kuulula zomwe athiramo. Lamulo la ku America la 1906 ndi lomwe linayamba kuwapanikiza.

Onani mzere wa m'mbali mwa botolo. Ngati ukuthera pakhosi, mlomo wake anaumba ndi manja. Ukafika pamwamba penipeni, ndi la makina, omwe anayamba cha mu 1903. Litsukeni ndi sopo, koma musasungiremo mafuta ophikira. Ine ndikanaliika pakabati.