Kwa achemwali ophunzira speech therapy ku Cape Town

Achemwali, mwafunsa zinthu ziwiri. Choyamba, ngati n'zotheka kumajombako masiku ena a kiliniki poti mwapeza ganyu kulesitilanti. Chachiwiri, ngati pali vuto kutenga lipoti la mnzanu wa chaka chatha n'kungosintha dzina ndi zaka za wodwala, popeza akuti malipoti onse amangofanana. Ndikuyankheni ngati mkulu wanu amene anadutsa njira yomweyo ku South Africa konkuno. Ndipo ndakondwa kuti mwana wakwathu wasankha ntchitoyi, chifukwa olankhula Chichewa tilimo ochepa kwambiri.

Ndiyambe ndi lipotilo, chifukwa ndi lomwe landisowetsa mtendere.

Anthu akamva za speech therapy amaganiza za mwana wachibwibwi kapena wochedwa kulankhula. Inde amenewo ndi athu, koma kuwodi mudzaitanidwanso kwa agogo amene achita sitiroko kuti muone ngati akumeza bwino. Mudzawapatsa madzi pasupuni, chala chanu chili pakhosi kumvetsera kholingo likukwera, kenako mudzawauza anene "aaa" kuti mumve ngati mawu atuluka onyowa. Ena amatsokomola chakudya chikalowera njira yolakwika. Ena satsokomola n'komwe, chimangotsikira m'mapapo mwakachetechete, ndipo pakapita masiku mumangomva kuti agwidwa chibayo. Mukatha kuyeza mumalemba m'fayilo mlingo wa chakudya choti azidya, motsata IDDSI, muyezo wa padziko lonse wa kulimba kwa zakudya ndi zakumwa za odwala, woyambira 0 mpaka 7: 0 ndi madzi wamba, 4 ndi chakudya chophwanyidwa chosalala ngati phala lolimba, 7 ndi chakudya cha masiku onse. Namwino wa usiku sakudziwani, sanakuoneni mukuyeza. Amawerenga nambala imene mwalembayo n'kudyetsa agogo aja.

Ndiye taganizani dzanja lomwe lazolowera kuyambira kusukulu kuti lipoti ndi chinthu chongosintha dzina. Mutu ndi ndondomeko za malipoti zimafanana, zoona, koma odwala safanana, ndipo phunziro lonse lagona pa kuona ndi maso anu n'kulemba chimene mwaonacho. Ena akuuzani za Turnitin, pulogalamu ya pakompyuta yofufuza zokopera, kuti imazindikira ntchito yokopera ngakhale ya zaka zam'mbuyo, komanso kuti nkhani zotere zimakafika ku komiti yosungitsa mwambo. Akunena zoona, mutha kutaya chaka kapena malo anu. Koma kwa ine kugwidwa n'kochepa. Chachikulu n'chakuti mukapanda kugwidwa, mudzalandira digiri musakutha kuyeza munthu panokha.

Palinso china chimene mwina simunachiganizire. Lipoti la mnzanulo muli mbiri ya munthu weniweni. Pokupatsani, mnzanuyo waulula kale chinsinsi cha wodwala. Lamulo la National Health Act la 2003 limati za umoyo wa wodwala n'zachinsinsi, ndipo lamulo lina lotchedwa POPIA, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira mu Julaye 2021, limateteza mbiri ya munthu aliyense. N'chimodzimodzi kuika nkhani ya wodwala mu ChatGPT kuti ikulembereni, kapena kujambula kamwana kokongola ka kukiliniki n'kuika pa status ya WhatsApp. Pa ma asainimenti wamba, aphunzitsi amasiyana pa zomwe amalola ndi AI, choncho werengani malamulo a phunziro lililonse, ndipo mufunse musanagwiritse ntchito.

Kumbukirani kuti dzina lanu lili kale m'kaundula wa HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo ku South Africa, ngati wophunzira. Malamulo a khalidwe sadikira tsiku la gauni. Bungwelo limafuna maola osachepera 400 a kiliniki musanalembetsedwe ngati katswiri, ndipo ola lililonse limalowa mu logbook n'kusainidwa ndi supavaiza. Ngati wodwala sanabwere, ola limenelo kulibe. Musalilembe, ngakhale anzanu onse akulemba.

Tsopano zojomba. Ku UCT (University of Cape Town) kuli chimene amati DP (duly performed), chilolezo cholembera mayeso. Mukapanda kukwaniritsa zofunika za phunziro, kuphatikizapo kupezekapo pomwe akufuna mupezeke, amakukanizani DP ndipo mayeso simulemba, kaya muli ndi nzeru zotani. Manotsi a lekichala mutha kubwereka. Kiliniki sibwerekeka.

Ine ndinaphunzira zimenezi mowawa. Ndili chaka chachitatu ndinadzuka tsiku lina ndi mutu, ndinali nditagwira ntchito mpaka usiku, ndipo ndinangogona osauza aliyense. Pachipatala china panali mayi amene anakwera mataxi awiri ndi mwana wopuwala ubongo kumsana, atasiya ganyu yake ya tsikulo. Anadikira pabenchi mpaka masana. Sabata yotsatira sanabwere, ndipo sindinawaonenso. Supavaiza sanakalipe, anangondifunsa kuti ndikuganiza kuti mayiwo anawononga ndalama zingati kuti afike. Funso limenelo ndimalikumbukira mpaka pano.

Sindikunyoza ganyu yanu ayi. Lendi ku Cape Town ndi yokwera, fizi ya mlendo ndi yolemera, ndipo kumudzi akuyembekezanso kenakake. Visa ya sukulu imalola kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata, ndiye maola amenewo muwaike Loweruka, Lamlungu ndi madzulo amene mawa lake kulibe kiliniki. Abwana a kulesitilanti muwapatse ndandanda yanu ya teremu yonse pachiyambi pomwe. Dziwaninso kuti digiriyi ndi ya zaka 4, ndipo zaka ziwiri zomalizazo kiliniki imadya nthawi yambiri, moti ngati mungasunge kandalama, ndi panopa.

Matenda ndi maliro zimachitika, ndipo kwa ife maliro ndi ulendo wa masiku angapo pabasi. Palibe supavaiza wanzeru amene angakuletseni kukaika kholo lanu. Chimene salola ndi kungosowa. Imbani m'mawa nthawi ya wodwala woyamba isanakwane, tumizaninso imelo kuti pakhale umboni, bweretsani kalata ya dokotala kapena yotsimikiza za malirowo, ndipo mufunse nokha tsiku lobwezera maolawo.

Zina zija za baji, zikhadabo zazifupi, tsitsi lomanga ndi foni m'chikwama adzakuuzani okha. Ine ndingotsindika ziwiri. Nthawi zonse muziuza wodwala kuti ndinu wophunzira, ngakhale akutchuleni dokotala. Ndipo mayi akakufunsani kuti "Kodi mwana wangayu adzalankhula?" musalonjeze pofuna kuwatonthoza. Nenani kuti mukafunsa kaye supavaiza, mukafunsedi, mubwerenso ndi yankho. Odwala ambiri kumeneko amalankhula isiXhosa kapena Afrikaans. Phunzirani moni ndi mawu oyambira, ndipo pa nkhani zolemera mupemphe womasulira wamkulu, osati kamwana ka wodwalayo.

Lolemba likubwerali mupite kwa mkulu wa phunziro lanu ndi ndandanda ya ganyuyo m'manja, mumuuze chilungamo kuti ndalama zavuta, muone naye masiku amene akuwombana. Lipoti la mnzanulo mulifufute mufoni lero lomwe, ndipo naye mumuuze chifukwa chake. Kwa supavaiza mupemphe chitsanzo cha lipoti chopanda mbiri ya munthu. Loyamba lanu lidzabwera lofiira ndi zokonza, mwina kawiri kapena katatu. Mukakakamira pa kalembedwe, ndilembereni kumbali tikambirane, koma dzina la wodwala ndi la chipatala musaikemo.