Skim, scan ndi peruse: kodi onsewa ndi kuwerenga mothamanga?

Funso: Aphunzitsi athu a Chingelezi amati pa mafunso a ndime tiziyamba ndi skim, kenako scan, koma ine sindiona kusiyana kwake. Chinanso, mayi anga analandira kalata ya kuntchito yolembedwa "for your perusal", ndipo mnzanga anati akungofunika kuiponyera diso. N'zoona? Ndine wophunzira wa Fomu 4 ku Dedza.

Yankho: Aphunzitsi anuwo akunena zoona, ndi njira ziwiri zosiyana. Skim ndi kuwerenga mothamanga kuti mudziwe zomwe nkhani ikukamba. Werengani mutu, ndime yoyamba yonse, chiganizo choyamba cha ndime iliyonse, ndi ndime yomaliza. Tsamba limodzi lisakudyereni mphindi zoposa ziwiri.

Pa scan mumakhala mukudziwa kale chomwe mukufuna, kaya chaka, dzina kapena nambala, ndiye maso amadumpha zina zonse, monga muchitira posaka dzina lanu pa zotsatira za MANEB. Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amatayira malikisi. Akangopeza liwu lofanana ndi la m'funso amakopera pomwepo, osaona not, except kapena unless, timawu tomwe timatembenuza tanthauzo lonse. Scan amangokufikitsani pamalo pomwe pali yankho. Mukafika, fatsani, werengani chiganizocho pamodzi ndi cham'mwamba ndi cham'munsi mwake. Luso lomweli lidzakuthandizani mukadzalemba IELTS, mayeso a Chingelezi a ofuna kukaphunzira kapena kukagwira ntchito kunja, pomwe gawo la kuwerenga lili ndi mafunso 40 oyankha m'mphindi 60.

Za mayi anu, chonde awerenge kalatayo mofatsa. Tanthauzo lakale la peruse, lomwe maofesi ndi maloya amatsatirabe, ndi kuwerenga mosamala mpaka kumapeto. Mnzanuyo sanangopeka ayi: eni chinenero ambiri masiku ano amagwiritsa ntchito liwuli ponena za kuwerenga mwapatalipatali, moti dikishonale ya Merriam-Webster imapereka matanthauzo onse awiri. Koma pa kalata ya ntchito, ngongole kapena malo, tengani tanthauzo loyambalo, ndipo asasaine asanamvetse mzere uliwonse.

Polemba inu eni, ife tikuti mulipewe liwuli, chifukwa wowerenga sangadziwe tanthauzo lomwe mwasankha. Lembani read carefully kapena glance at, malinga ndi zomwe mukufuna. Mukafuna kunena za kuwerenga modekha kwa nthawi yaitali pali pore over, koma musalembe pour, chifukwa kumeneko ndi kuthira madzi.