Mwala wa pa Trumpington Road si chiliza

FUNSO: Zikomo a Mkonzi. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Cambridge, kuno ku England. Popita kuntchito ndimadutsa mwala wautali m'mbali mwa Trumpington Road, wogobedwa zilembo, dzanja loloza ndi kamwezi. Ndinkadutsapo mwaulemu poyesa chiliza, mpaka gogo wina amene ndimawasamalira anandiuza kuti ndi mwala wosonyeza mtunda. Tsono mnzanga wapeza wina waung'ono utagwa m'thengo, ndipo akufuna akauike pa maluwa pakhomo pake. Kodi miyalayi ili ndi ntchito yanji masiku ano, poti njira tikuonera pafoni?
Mayi wa ku Cambridge

YANKHO: Mayi, ulemu munkaperekawo sunapite pachabe. Mwalawo unaimikidwa mu 1728, ndipo ndi woyamba mwa miyala 16 yondandalikana mpaka ku mudzi wa Barkway. Kamwezi mwaonako ndi chizindikiro cha koleji ya Trinity Hall, yomwe inalipira ntchitoyi ndi ndalama za masiye zosiyidwira kukonza misewu. Zilembozo zikunena kuti kwatsala mtunda wa mailo imodzi kukafika ku tchalitchi cha Great St Mary's.

Nthawi imeneyo misewu ya ku England inali matope okhaokha, ngolo zinkatitimira mpaka m'ma ekiselo. Mu 1663 Nyumba ya Malamulo inalola chipata cholipiritsa ku Wadesmill, ndipo m'zaka zotsatira magulu a anthu a m'madera ankakongola ndalama, kukonza msewu, n'kutchinga chipata kuti wodutsa aliyense alipire. Amene munaimapo pa Chingeni kapena pa Kalinyeke mukuimva nkhaniyi. Pofika m'ma 1760 lamulo linakakamiza maguluwa kuimika mwala pa mailo iliyonse. Sanali okongoletsa ayi. Wobwereka ngolo ya mahatchi ankalipira powerenga mamailo, ndipo mpaka 1840 ngakhale mtengo wotumizira kalata unkatengera kutalika kwa ulendo. Mwala ndi umene unkathetsa mkangano pakati pa woyendetsa ndi wokwera. Sitima zapamtunda zitabwera zipata zinayamba kufa, ndipo zotsiriza zinachotsedwa pa chilumba cha Anglesey ku Wales mu 1895. Koma miyala inatsala.

Chimene chimandikhudza mtima ine ndi cha mu 1940. Poopa kuti asilikali a Germany atera ndi kuwerenga njira, boma linalamula kuti zikwangwani zonse zichotsedwe. Miyala ina anaikwirira pansi, ina anaisema kumaso ndi tchizulo kuti mayina a matauni afufutike. Mukadzaona mwala wosalala kumaso ngati wometedwa, dziwani kuti ndi chipsera cha nkhondo chimenecho. Ina sinafukulidwenso. Yomwe inapulumuka, lero ikuphwanyidwa ndi malole ndi mathirakitala otchetcha udzu, chifukwa woyendetsa sauona m'tchire.

Kunena za mnzanuyo, chonde mumuletse. Miyala yambiri yotere ndi yotetezedwa ndi lamulo, ndipo kuutenga ndi kuba, ngakhale utagwa. Koma ngakhale pakanapanda lamulo, ine ndikanamuletsabe. Mwala wolembedwa kuti London 40 umanena zoona pamalo amodzi okha pamsewu wake, pamene anauyezera anthu okoka tcheni zaka zoposa 200 zapitazo. Ukapita pa maluwa wasanduka wabodza, ndipo mzere wa anzake watsala ndi chigwelu. Mnzanuyo aujambule, alembe bwino malo ake, adziwitse khonsolo yoyang'anira misewu kapena bungwe la Milestone Society, lomwe linayamba mu 2001. Ndi anthu ongodzipereka amene amaitsuka ndere, kuipaka utoto woyera ndi kudetsanso zilembo ndi kaburashi kakang'ono.

Inuyo mayi, tsiku lina mukaweruka dzuwa lilipo, musakwere basi. Imani pamwalapo, gwirani zilembozo ndi chala, kenako londolani msewu kulowera m'tauni mpaka pakhomo la Great St Mary's. Ndi ulendo wa mphindi ngati 20. Mudzandilembere ngati anayeza bwino.