Yankho kwa azakhali pa nkhani ya foni ya msuweni ndi apolisi

Azakhali, ndamvetsera uthenga mwatumiza pa gulu la banja uja, ndipo ndikuyankha pomwe pano kuti enanso amve nawo. Mwafunsa ngati ma screenshot amene msuweni wanga anajambula angakwanire kukhala umboni kukhoti, pa nkhani ya munthu amene anamulonjeza matumba a feteleza pa WhatsApp, n'kulandira ndalama pa foni, kenako osapezekanso. Mwafunsanso chifukwa chake apolisi akufuna foni yeniyeniyo, chikhalirecho zithunzizo anawapatsa kale zosindikiza papepala.

Ndiyambe ndi lamulo. Kuno ku Malawi tili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016, limene limalola kuti uthenga wa pa foni kapena pa kompyuta ulandiridwe ngati umboni. Koma kulandira umboni ndi nkhani ina, kuukhulupirira ndi inanso. Majisitireti amaona mmene uthengawo unapangidwira, mmene unasungidwira, ngati sunasinthidwe panjira, ndiponso ngati pali chotsimikizira kuti amene akunenedwa kuti anautumiza ndi yemweyodi. Pamenepa ndi pamene screenshot imafooka ikakhala yokha. Pamwamba pa chithunzicho pamaoneka dzina limene msuweni analemba yekha posunga nambalayo, ndipo loya wa woimbidwa mlandu akhoza kumufunsa kuti, "Dzina ili analemba ndani? Chingakulepheretseni n'chiyani kusunga nambala ya mnzanu m'dzina la munthu uyu, n'kulemberana naye mauthenga amenewa?" Msuweni sananame ayi, koma pepala silingamuyankhire funso limenelo, pamene foni ingathe, chifukwa m'kati mwake muli nambala yeniyeni ya wotumiza, tsiku ndi nthawi ya uthenga uliwonse, ndiponso zonse zimene analemberana popanda kudumpha.

Palinso chifukwa china chimene anthu ambiri sachidziwa. Kuyambira 2016, mauthenga a WhatsApp amatsekedwa mwa njira yoti amawerengeka pa mafoni a anthu olemberanawo okha, moti ngakhale kampani yake singatulutse mawu amene iwo anauzana. Ndiye kuti foni ya msuweni ndi ya wakubayo ndizo zasunga nkhaniyi, ndipo ya wakubayo tilibe nayo chiyembekezo. N'chifukwa chake ndikupempha kuti asafufute kalikonse, ngakhale foniyo ikudandaula kuti yadzaza, asachotse WhatsApp, asaipititse kwa okonza mafoni kumsika, ndipo ngati mauthenga ozimirira okha ali otsegula pa macheza amenewo, auze wapolisi wofufuzayo msanga. Anthu amakonda kunena kuti akatswiri amabweza chilichonse chofufutidwa, koma pa mafoni amakono zimenezo sizodalirika. Kutumiza zithunzizo kwa ife pa gulu pano sikusunga umboni, chifukwa WhatsApp imachepetsa chithunzi ndi kuchotsa zolembedwa zobisika za tsiku ndi foni imene inajambula.

Tsopano ndifotokoze zimene zimayenera kuchitika foni ikafika m'manja mwa ofufuza. Choyamba amaidula pa netiweki, poiika pa airplane mode kapena m'kathumba kotchinga mafunde, kuti munthu wina ali kutali asafufute zinthu kudzera pa intaneti. Kenako katswiri amakopera zonse zimene angathe kutulutsa m'fonimo, ndipo amagwirira ntchito pa kopeyo osati pa foni yeniyeni. Akangomaliza kukopera amawerengetsa chimene amachitcha hash. Njira yodziwika kwambiri ndi SHA-256, imene imatulutsa mzere wa zilembo ndi manambala 64 kuchokera pa zonse zili m'kopemo. Munthu atasintha ngakhale kadontho kamodzi mu uthenga umodzi, mzere wonsewo umatuluka wina. Choncho pa tsiku la mlandu, ngakhale patapita chaka, katswiriyo amawerengetsanso, ndipo mizere iwiriyo ikafanana amatha kulumbira kuti zimene khoti likuona ndi zomwe anakopera tsiku lija.

Mbali imene ine ndimaiona kuti imagwetsa milandu yambiri si ya makina, koma ya mapepala. Payenera kukhala kaundula wosonyeza kuti foni inachoka m'manja mwa ndani, inapita kwa ndani, tsiku liti, nthawi yanji, ndipo inkasungidwa kuti. Pakakhala mpata wa masiku angapo woti palibe amene angafotokoze kumene foniyo inali, loya wa mbali inayo amakhazikika pomwepo, ndipo pa mlandu wa upandu kukayikira komveka kumapindulira woimbidwa mlandu. Ndiye msuweni popereka foniyo apemphe mwaulemu kuti amulembere pepala lokhala ndi mtundu wa foni, nambala ya SIM khadi, tsiku, nthawi, dzina la wapolisi wolandira, ndiponso nambala ya IMEI. Imeneyi ndi nambala yakeyake ya foniyo, ya manambala 15, ndipo imatuluka pa sikirini akayimba *#06#. Ailembe m'kope asanachoke pakhomo.

Umboni wolimba kwambiri pa nkhani imeneyi, mwa kuona kwanga, uli ku ndalama. Uthenga wotsimikizira malipiro uja uli ndi nambala yakeyake, ndipo kampani ya foni ili ndi zolemba zake zosonyeza nthawi imene ndalama zinachoka, nambala imene inalandira, ndiponso ngati zinatumizidwanso kwina kapena zinatapidwa kwa ejenti. Kuyambira 2018 ma SIM khadi amalembetsedwa ndi chiphaso, choncho nambala ili ndi dzina, ngakhale tisafulumire kusangalala nalo, poti akuba ambiri amagwiritsa ntchito ma SIM olembetsedwa m'maina a anthu ena. Zolemba zimenezi zimatengedwa ndi apolisi kudzera m'chilolezo cha khoti, chifukwa gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha mauthenga a munthu. Ndamva kuti wina pa gulu pano wati ali ndi mnzake wogwira ntchito ku kampaniyo amene angatisuzumirire. Chonde zimenezo tisachite: tidzamuchotsetsa ntchito mnzakeyo, ndipo tidzapatsa loya wa wakubayo pogwira.

Mukukumbukira nkhani ya Cashgate ya 2013, pamene anthu ankalowetsa malipiro abodza mu makina a boma a IFMIS, cheke chikatuluka n'kufufuta zolembazo. Kampani ya ku Britain ya Baker Tilly itafufuza, inanena mu 2014 kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa pakati pa April ndi September 2013, ndipo kufufuzako kunatheka chifukwa chofufutidwa pa kompyuta chinali chitasiya kale mapazi m'macheke amene anatapidwa ku mabanki. Nkhani ya msuweni ndi yaing'ono, koma kayendedwe kake n'komweko: macheza a m'foni, uthenga wa malipiro ndi zolemba za kampani zikagwirizana pa nthawi ndi pa kuchuluka kwa ndalama, woimbidwa mlandu amasowa polowera.

Msuweni adzakhala mboni, choncho alembe lero, mutu ukadali wokumbukira, mmene anamudziwira munthuyo, zimene anagwirizana ndi ndondomeko ya masiku. Zoti foni ikhala nthawi yaitali bwanji ku polisi afunse wofufuzayo, ndipo akamaliza kukopera ali ndi ufulu wopempha kuti amubwezere, ngakhale nthawi zina amaisunga mpaka mlandu utatha. Ngati mumubwereka foni ina yogwiritsa ntchito pakadali pano, agule SIM khadi yatsopano, ndipo asatsegule WhatsApp pa foni yobwerekayo ndi nambala yakale, chifukwa akatero WhatsApp ya pa foni yoyambayo idzatuluka yokha, ndipo katswiri adzavutika kufika pa macheza aja.