Alendo akachuluka antchito anga amasokonezeka: kodi kochi wa mpira akanatani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amayang'anira loji ya m'mbali mwa nyanja, mumsewu wochoka pa Boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay. Ali ndi antchito 14. Akuti masiku wamba ntchito imayenda bwino, koma kukabwera msonkhano wa anthu 40 kapena alendo a Loweruka, chakudya chimachedwa, maoda amasokonekera, a kukhitchini ndi operekera zakudya n'kuyamba kulozana zala. Mwezi uliwonse amawasonkhanitsa n'kuwakalipira, koma palibe chimene chikusintha. Alinso ndi khukhi waluso kwambiri amene amafika nthawi imene wafuna. Funso lawo ndi ili: "Achimwene anga amaphunzitsa timu ya anyamata, ndipo amandiuza kuti ndiziyendetsa anthu ngati kochi. Pa ntchito ngati yangayi, zimenezi ndingazichite bwanji?"

Mayi, achimwene anuwo akunena zoona, koma nkhani yake si yolankhula mawu olimbikitsa kapena kuombera anthu m'manja. Tawerengani maola. Timu ya mu ligi imasewera mphindi 90 kumapeto kwa sabata, koma masiku ambiri a sabatayo imakhala ili pa tireningi. Antchito anu tsiku lililonse ali pa gemu, tireningi kulibe. Mtsikana watsopano amaphunzira kulemba oda mlendo ali chimuyang'anire, akalakwitsa n'kudzamva za kulakwa kwakeko patatha milungu itatu, pa msonkhano wa kumapeto kwa mwezi. Palibe kochi amene angasunge ntchito yake akamachita zimenezo.

Ndiye yambani ndi tireningi. Mphindi 30, kawiri pa sabata, Lachiwiri ndi Lachitatu cha m'ma 3 koloko mbale za nkhomaliro zitatsukidwa. Lachisanu musaliyikepo: kuno ku Mangochi ambiri amakhala akupita ku mzikiti, ndipo alendo a kumapeto kwa sabata amayamba kufika tsiku lomwelo. M'mwezi wa Ramadan sunthirani m'mawa anthu akadali ndi mphamvu. Ikhale mkati mwa maola olipidwa. Mukaiika pa nthawi yawo yopuma adzaitenga ngati chilango.

Tsiku limodzi, chinthu chimodzi. Tiyerekeze kuti mwasankha ulendo wa oda. Antchito anayi akhale pa matebulo awiri ngati alendo. Woperekera alembe oda, awabwerezere mokweza zimene walemba, apereke kapepala pa windo la khitchini, khukhi naye awerenge mokweza kuti onse amve. Osaphika chilichonse, mbale zopanda kanthu zikukwanira. Inu mugwire foni, muziwerenga mphindi. Akazolowera, onjezani moto: matebulo akhale anayi, mlendo wina asinthe oda pakati, wina afunse chambo chimene chatha. Tsiku lina zimitsani magetsi dala madzulo, muone amene akudziwa kulizitsa jenereta ndi pomwe pali nyali. Makochi amayeseza dala kusewera ndi anthu 10 chifukwa amadziwa kuti khadi lofiira lidzabwera tsiku lina. Kwa inu khadi lofiira ndi wantchito amene wapita ku maliro m'mawa wa msonkhano.

Palinso zinthu zimene zimabwera mofanana nthawi zonse, ngati kona kapena penate: basi ya alendo ikaima pa geti, tiyi wa 10 koloko, nkhomaliro ya msonkhano. Izi siziyenera kuganiziridwa pomwepo. Lembani pa pepala limodzi amene aima pati ndiponso agwira chiyani, ndipo nthawi muziwerenga chobwerera m'mbuyo. Ngati anthu 40 akudya 12:30, chakudya chikhale patebulo 12:20, ndiye nsima ivundulidwe nthawi yanji, madzi ateleke nthawi yanji, nsomba zikhale zitapalidwa nthawi yanji? Khukhi wanu ndiye akupatseni manambalawo, chifukwa akudziwa mapoto ake ndi moto wake kuposa inu.

Pa nkhani yolozana zala, mpira wa manja ndi umene ungakuphunzitseni zambiri kuposa wa miyendo. Osewera ndi 7, aliyense ali ndi gawo la bwalo limene saloledwa kudumpha. Ogoletsa ndi awiri okha. Wapakati amafika paliponse kupatula m'malo ogoletseramo, ndipo palibe amene amasunga mpira kupitirira masekondi atatu. Ma Queens aja pogonjetsa New Zealand 57-53 ku Gold Coast mu 2018 ankasewera pansi pa malamulo omwewa: mpira sufika kwa wogoletsa popanda kudutsa m'manja mwa anzake. Pa loji, zinthu zambiri zimaonongekera pa mpatsirano, osati pa luso la munthu payekha. Khukhi amaphika bwino, woperekera amathamanga, koma mbale imazizira pa windo mphindi 7 chifukwa aliyense akuganiza kuti ndi ya mnzake. Ikani munthu mmodzi pa windopo pa nthawi ya chipwirikiti. Ntchito yake ndi kulandira timapepala, kutisanja monga tabwerera, kuyang'ana mbale isanatuluke ndi kuitana mwini tebulo ndi dzina. Wina aliyense asalankhule ndi khitchini. Poyamba adzadandaula kuti mwawachotsera munthu wonyamula mbale. Pirirani milungu iwiri.

Munthu wa pa windoyo asakhale inu. Apa m'pamene mamanejala ambiri akhama amagwera: zikavuta amavala epuloni n'kuyamba kunyamula mbale. Zimaoneka ngati kudzichepetsa, koma kuyambira pamenepo palibenso amene akuona bwalo lonse. Kochi amaima kunja kwa mzere kuti aone kumene kwatseguka. Inu imani pamene mukuona khomo, matebulo ndi windo nthawi imodzi, n'kumasuntha anthu.

Makochi a matimu akuluakulu amaonera vidiyo ya gemu. Vidiyo yanu ndi timapepala ta maoda. Pa kapepala kalikonse palembedwe nthawi ziwiri, imene oda yatengedwa ndi imene mbale yatuluka. Sungani ta milungu iwiri, mukhale nato pansi madzulo amodzi. Mudzaona nokha ngati kuchedwa kuli pa chakudya chimodzi, pa ola limodzi, kapena pa shifiti imodzi. Mwina mudzapeza kuti nsomba imatulutsidwa mufiriji oda itafika kale, kapena kuti mbaula imodzi ikuphikira tchipisi ndi nsomba yomwe. Zoterezi kukalipa sikungazikonze. Sankhani nambala imodzi yokha, monga maoda angati mwa 10 aliwonse amene atuluka pasanathe mphindi 25, muziilemba pa bolodi la kukhitchini sabata iliyonse. Ikhale ya timu yonse, popanda mayina. Mukayamba kulemba mayina, anthu ayamba kukanirana matebulo ovuta ndi kunama nthawi.

Ndipo musaweruze ndi tsiku limodzi, kaya labwino kaya loipa. Mu Januwale 2010 ku Angola, pa mpikisano wa Africa Cup of Nations, Flames ya Kinnah Phiri inathibula Algeria 3-0 dziko lonse n'kuvina. Kenako inagonja kwa Angola ndi Mali n'kubwerera, pamene Algeria yomweyo inakafika mu semifainolo. Msonkhano umodzi ukayenda bwino, yamikirani anthu tsiku lomwelo, koma nambala muziiona ya mwezi.

Msonkhano wanu wa pamwezi uja ungotha. M'malo mwake, mphindi 5 ntchito isanayambe: lero tili ndi alendo angati, chatha n'chiyani, ndani ali pati. Tsiku lalikulu likadutsa, m'mawa mwake mphindi 10 mutaimirira. Funsani kaye iwowo kuti chinayenda n'chiyani ndipo chinatsamwa pati, inu mulankhule pomaliza. Pa nthawi yopumulira kochi amakhala ndi mphindi 15 zokha, ndipo wanzeru amanena zinthu ziwiri, osati khumi. Nenani zooneka: "mbale za tebulo 6 zinadikira pa windo", osati "simukuikapo mtima". Cholakwa cha munthu mmodzi mukambirane awiriwiri, makamaka akakhala wamkulu msinkhu. Bambo amene mwamukalipira pamaso pa ana a msinkhu wa ana ake adzayankha kuti "chabwino madamu", koma sadzakuuzaninso akaona vuto likubwera.

Tsopano za khukhi uja. Mphamvu zake zagona pa mfundo yakuti mulibe benchi, ndipo iye akudziwa. Yambani mwamufunsa chifukwa chake pambali, popeza nthawi zina nkhani imakhala ya mayendedwe kapena shifiti yomaliza usiku kwambiri n'kuyambanso m'bandakucha, ndipo zimenezo ndi zanu kukonza. Ngati palibe chifukwa chomveka, lamulo la nthawi likhale limodzi kwa onse, chifukwa anzake akuona. Nthawi yomweyo mpatseni udindo wophunzitsa wothandizira wake zakudya zisanu zimene zimatuluka kwambiri, chimodzi pa sabata, ndipo Lachiwiri lililonse wothandizirayo ndiye azitsogolera khitchini khukhiyo ali pomwepo. Ena ulemu umenewu umawasintha. Ena amakana kuphunzitsa poopa kulandidwa malo, choncho muuzeni poyera kuti cholinga n'chakuti naye azitha kupita kutchuthi.

Pokhapa samalani, chifukwa pa ntchito si pa mpira. Kochi akhoza kukhazika wosewera pa benchi popanda kufotokoza, inu ayi. Lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limafuna kuti pakhale chifukwa chomveka, komanso kuti munthu apatsidwe mpata woyankhapo asanachotsedwe ntchito. Choncho lembani masiku ndi nthawi imene wachedwa, chenjezo loyamba likhale la pakamwa, lotsatira lolemba n'kusainirana, ndipo musamdule malipiro mongopsa mtima. Zikafika poganiza zomuchotsa, pitani kaye ku ofesi ya zantchito pa Boma mutanyamula mapepalawo akakuunikireni.