Kuyankha azakhali za E. coli ndi mankhwala

Azakhali, funso lanu ndalimva: bwanji akuti kachilombo ka bakiteriya kotchedwa E. coli n'koopsa pomwe akutinso aliyense ali nako m'matumbo, komanso ngati mwana akatsegula m'mimba mungamupatse ma antibayotiki. Zoti n'koopsa n'zoona, zoti tonse tili nako n'zoonanso. Koma za mankhwalazo, chonde musatero.

Dzina loti E. coli lili ngati dzina la banja lonse, ndipo a banja limodzi safanana mtima. Mitundu yambiri imangokhala m'matumbo mwathu osavulaza. Ina imatsegulitsa m'mimba mwamadzimadzi masiku ochepa. Koma ulipo wina, O157:H7, umene umatulutsa poizoni wotchedwa Shiga. Umakhala m'matumbo a ng'ombe, ndiye umatifika kudzera m'nyama yogaya yosapsa bwino, mkaka wosawiritsa, kapena masamba okhudzidwa ndi ndowe. Munthu amayamba kudwala pakapita masiku 3 kapena 4, m'mimba kupotokola kwambiri, kenako chimbudzi chamagazi, koma thupi nthawi zambiri silitentha kwenikweni.

Apa ndiye mumvetsetse. Poizoni uja amatha kuwononga maselo ofiira a magazi ndi impso, makamaka mwa ana osakwana zaka 5. Zimaonekera patatha pafupifupi sabata, nthawi imene kutsegula kukuoneka ngati kwatha ndipo inu mwayamba kupuma. Mwana akamakodza pang'ono, akayera m'zikhatho ndi m'zikope, akafooka kapena kutupa, thamangirani kuchipatala. Ma antibayotiki pa mtundu uwu angachititse kuti poizoni atuluke wambiri. Mankhwala oimitsa kutsegula monga loperamide nawonso ndi oipa, amasunga poizoniyo m'matumbo.

Bakiteriya wina wotchedwa Salmonella nayenso ndi chimodzimodzi, ali ndi mitundu yoposa 2,500. Wa m'mazira ndi nkhuku amatsegulitsa m'mimba masiku 4 mpaka 7, ambiri n'kuchira okha. Koma Salmonella Typhi amalowa m'magazi n'kuyambitsa taifodi, ndipo ameneyu amafunikadi ma antibayotiki. Mwaona? Mankhwala amene apulumutsa wina angapweteke wina, ndiye kuyezetsa kumayamba.

Munthu akayamba kusanza patangopita maola osakwana 6 atadya, kawirikawiri ndi poizoni amene mabakiteriya otchedwa Staphylococcus aureus kapena Bacillus cereus anasiya kale m'chakudya. Poizoni ameneyo satha ndi kutenthetsanso, n'chifukwa chake chophika chisakhale panja pa firiji kupitirira maola 2. Nyama ipse mpaka pakati penipeni, madigiri 75, ndipo mpeni wodulira nyama yaiwisi usakhudze zodya zosaphika musanautsuke ndi sopo.

Kunyumba, chimene mungapatse mwana mosaopa ndi ORS, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Ngati mulibe, sakanizani lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mukangoona magazi m'chimbudzi, musadikire kuti kuche, azakhali, pitani naye tsiku lomwelo.