Macheki akakana kukumana: yankho kwa achemwali a ku Matawale

Mayi wina wa ku Matawale wandilembera pa imelo, ndipo walola kuti ndimuyankhe poyera. Akuti anatenga makina osokera a Singer opalasa ndi mapazi amene anasiya malemu amayi ake, anagula mamita 3 a nsalu ya macheki ofiira ndi oyera mumsika wa Zomba, nasokera diresi mwana wake wa zaka 7. Macheki sanakumane m'mbali, diresilo atalichapa lafupika mpaka maondo kuonekera, ndipo apongozi atangoliona anafunsa kuti, "Kodi mwanayu wasintha sukulu?" Funso lake nali: "Ndinalakwitsa pati? Nanga nsalu yotsalayi ingakwane chofunda cha zigamba kuzizira kwa Juni kusanafike, kapena ndingoitaya mtima?"

Achemwali, musataye mtima, komanso musanamizire makinawo. Singer wa amayi anu alibe mlandu. Munagwera nsalu imene siibisa kanthu. Chitenje cha maluwa mungachidule mokhota pang'ono, maluwawo adzakubisirani. Macheki ayi. Mukapotoza ndi kachala kamodzi, munthu ali kutsidya kwa msewu aona.

Tiyambe ndi nsaluyo, chifukwa mukaidziwa mmene anaipangira, zina zonse zimveka zokha. Pa Chingerezi amaitchula kuti gingham. Ambiri amati dzinali linachokera ku mawu a Chimalay, chiyankhulo cha ku Malaysia, akuti genggang, kutanthauza chinthu cha mizeremizere, ndipo poyamba inalidi ya mizere chabe. Macheki anatchuka pamene mafakitale a ku Manchester anayamba kuiwomba m'zaka za m'ma 1700. Chosiyana ndi chitenje n'chakuti chitenje amachidinda: nsalu imawombedwa kaye, kenako amaikapo maluwa pamwamba, monga amachitira ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre. Pa gingham amayamba kunyika ulusi mu utoto, n'kuwomba ulusi wofiira ndi woyera mosinthanasinthana, m'litali ndi m'lifupi momwe. Yang'anitsitsani yanuyo muona mitundu itatu, osati iwiri: poyera, pofiira kwambiri pamene ulusi wofiira wakumana ndi wofiira unzake, ndi pofiirira pamene wofiira wadutsana ndi woyera. Choncho mzere uliwonse umene mukuuona ndi njira yeniyeni ya ulusi. Mukadula motsata mzere, mwadula mowongoka. Nsaluyi imabwera ndi rula yakeyake, ndipo ine ndimakhulupirira mizere yake kuposa tepi yanga, imene inatanuka kalekale.

Koma chenjerani, si ya macheki iliyonse imene ndi yowombedwa choncho. Musanalipire, itembenuzeni. Yeniyeni imaoneka chimodzimodzi kuno ndi kuseri. Ikakhala yotuwa kuseri, ndi yodinda, ndipo kawirikawiri machekiwo amakhala atadindidwa mopendekera pa ulusi. Zinandionekerapo ine: ndinagula mamita anayi m'sitolo ina ku Limbe, ndili pa changu chothamangira minibasi yobwerera kuno ku Zomba, osatembenuza. Ndikatsata macheki siketi inkapotoka, ndikatsata ulusi macheki ankatsetsereka ngati msewu wa ku Chawe. Inathera ku makatani a kukhitchini.

Za kufupika sindichedwapo. Thonje limabwerera likalawa madzi koyamba. Nsalu yatsopano ichapeni musanaigwiritse lumo, payokha, chifukwa yofiira imatha kutulutsa utoto. Yanikani pamthunzi, ndipo muisite ikadali ndi kachinyezi. Ngati simukudziwa kuti ndi thonje lokhalokha kapena losakaniza ndi poliyesita, dulani kachidutswa muotche ndi machesi panja. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesita imasungunuka n'kusiya kampira kolimba. Zimenezi n'zofunika masiku amene magetsi azima n'kutulutsa nsimbi ya makala, pakuti yosakanizayo nsimbi ikatentha kwambiri imanyezimira kapena kuboola kumene. Ikani kansalu konyowa pakati.

Mukasita, yalani nsalu pa tebulo muone ngati mizere yopingasa yagona molunjika. Nthawi zambiri imakhala itakokeka pa mpukutu. Dulani kumapeto motsata mzere umodzi kuchokera mbali ino kukafika mbali inayo, kenako itanani mnzanu, aliyense agwire ngodya yake, mukoke mopingasa ngodya ndi ngodya mpaka ibwerere. Kamphindi kochepa, koma matelala ambiri a pakhonde amakadumpha chifukwa makasitomala ali pamzere. Inu muli pakhomo panu, palibe akukuthamangitsani.

Tsopano pamene ndikuganiza kuti panagona vuto lalikulu. Ndikhulupirira munapinda nsalu pawiri n'kudula kutsogolo ndi kumbuyo nthawi imodzi, monga tinaphunzirira tonse. Pa macheki musatero. Ya pansiyo imasuntha inu osaona. Dulani chidutswa chimodzichimodzi, nsalu itayalidwa osapinda. Mukadula cha kutsogolo, chigonekeni pa nsalu yotsalayo, muchisunthe mpaka mizere yake ilowane ndi ya pansi moti m'mphepete mwake musaoneke, ndiyeno mudule cha kumbuyo. Malo oyang'anira ndi awiri: kukhwapa ndi kumpendero. Ngati mzere wofiira uli pakhwapa kutsogolo, ukhalenso pakhwapa kumbuyo. Pakati pa chifuwa pakhale pakati penipeni pa cheki, kuti mbali ziwirizo zifanane.

Posoka pali msampha wina. Timano ta pansi pa makina timakoka nsalu ya pansi, pamene kaphazi kopanikizira kamakankhira ya pamwamba kutsogolo. Ndiye mutha kuyamba macheki atakumana bwinobwino kukhwapa, pofika kumpendero atasemphana ndi theka la cheki. Mankhwala ake ndi mapini, ambiri, olasa pa mzere weniweni kudutsa nsalu zonse ziwiri, macheki awiri kapena atatu alionse. Ine pa chovala chimene ndikuchifuna kwambiri ndimayamba ndagwirizira ndi singano ya pamanja, misoko italiitali ya ulusi wa mtundu wina, n'kudzausolola pambuyo. Palasani pang'onopang'ono. Singano ikhale ya nambala 12 kapena 14, yatsopano, ndipo makina amene akhala zaka osagwira ntchito adontheziredwe mafuta ake enieni a makina. Mafuta ophikira amamata m'kati, chonde musayerekeze.

Pali malo ena amene simuyenera kudzivutitsa. Pozungulira mkono macheki sangakumane ponseponse, ngakhale pa malaya odula a m'sitolo. Ndipo pa tizidutswa ting'onoting'ono monga matumba, kolala ndi lamba, pali kachinyengo kabwino: dulani mopendekera, ngodya ndi ngodya, kuti macheki aime ngati madayamondi. Palibenso choti chikumane, ndipo woona amayesa munachita kukongoletsa dala. Kwa mwana wa zaka 7, siketi yosavuta ndi ya nsalu ya makona anayi yokwinya m'chiuno. Misoko yake ndi yowongoka, macheki amakumana okha, ndipo mpendero mumangopinda motsata mzere. Pokwinya, lowetsani singano pa cheki chilichonse, makwinya adzatuluka ofanana ngati munachita kuyeza.

Za apongozi zija ndinaseka ndekha, pepani. Koma sananame kwenikweni. Mukaima pa msewu m'mawa ana akamapita kusukulu, kaya ku Chinamwali kaya ku Sadzi, macheki ang'onoang'ono mudzawaona ndithu, ndipo maso athu anazolowera kuti imeneyo ndi yunifolomu. Enanso amaiona ngati ya epuloni kapena yoyala pa tebulo. Komatu Brigitte Bardot, katswiri wa mafilimu wa ku France, anakwatiwa mu 1959 atavala diresi la gingham ya pinki, ndipo nsaluyo inasanduka fashoni. Chimene chimapangitsa chovala kuoneka cha kusukulu si nsalu yokha, koma macheki aang'ono pamodzi ndi kolala yoyera yozungulira. Pewani ziwirizi kukhala pamodzi. Sakanizani macheki aakulu ndi aang'ono a mtundu umodzi, kapena ikani kampendero ka chitenje chokhala ndi kufiira komweko. Ndimakondanso kupeta: ndi ulusi woyera wokhuthala mumasoka timitanda pa macheki ofiira kwambiri okha, mizere itatu kapena inayi kuzungulira m'munsi. Patali zimaoneka ngati lesi, chonsecho simunajambule kalikonse ndi choko, mwangowerenga macheki.

Diresi lofupikalo musaliponye m'dengu. Lumikizani m'munsi chidutswa cha masentimita 8 kapena 10, chodulidwa mopendekera kuchokera ku nsalu yotsala, mutaichapa kaye. M'mbali mosakumanamo musiyeni. Mwana akuthamanga, ndani aona?

Tibwere ku chofunda. Mwaganiza pa nthawi yake, pakuti kuzizira kwa Zomba m'mwezi wa Juni ndi Julayi, chifunga chikatsika m'phiri ndi kamvula ka chiperoni, si kwa masewera. Ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe wosoka amene amatayanso chigamba. Tiwerengere limodzi. Dulani zigamba za masentimita 12 mbali zonse, msoko udye sentimita imodzi uku ndi uku, chigamba chitsale masentimita 10. Chofunda cha mwana cha masentimita 90 m'lifupi ndi 120 m'litali chifuna zigamba 9 kuchulukitsa ndi 12, zonse 108. Nsalu ya masentimita 112 m'lifupi imatulutsa zigamba 9 pa mzere, ndiye mizere 12, pafupifupi mita imodzi ndi theka. Cha bedi la munthu mmodzi, 150 ndi 200, chifuna zigamba 300, kupitirira mamita anayi, kuseri osawerengera. Ndiye yanu yotsalayo payokha ingakwane cha mwana mopereweraperewera, makamaka mukachotsako ya diresi ija.

Koma sindikanakulangizani chofunda cha macheki okhaokha. Chimazunguza maso, ndipo pa msoko uliwonse mudzakhala mukulimbana ndi mizere. Sinthanitsani: chigamba cha macheki, chigamba chosalemba, choyera kapena chofiira. Mukatero pa cha mwana chija mufuna zigamba 54 zokha za macheki, ndipo palibe cheki chogundana ndi chinzake. Malaya akale a thonje a abambo a kunyumba, kapena shiti ya pa kaunjika, zimalowa bwino. Zonse zichapidwe kaye, ndipo zikhale zolemera mofanana. Jinzi pambali pa gingham imang'amba msoko. Podula za macheki werengani macheki m'malo moyeza chilichonse, koma yesani chimodzi ndi tepi poyamba, chifukwa macheki ena amatalikirapo mbali imodzi ngakhale maso amati ndi ofanana.

Lumikizani zigamba m'mizere, musite misoko ya mzere woyamba kuloza kumanja, ya wachiwiri kumanzere, choncho mpaka kumapeto. Polumikiza mizereyo misoko imakhomerana yokha ndipo ngodya zimakumana popanda chotupa.

M'kati muikemo bulangeti lakale lopyapyala limene latha kale kubwerera. Lolemera kwambiri musaike: likanyowa siliuma m'nyengo ya chiperoni, ndipo kulifinya pamafunika anthu awiri. Sesani pansi, yalani nsalu ya kuseri chafufumimba, bulangeti pamwamba, kenako zigamba zanu, n'kugwirizira ndi mapini otseka kuyambira pakati kumka m'mphepete. Apa makina apumule. Kukankha zinthu zitatu zokhuthala pansi pa kaphazi ka Singer kumabweretsa makwinya kuseri ndi kuthyola singano. Tengani singano yaikulu ndi ulusi wokhuthala, pa ngodya iliyonse pamene zigamba zinayi zakumana lowetsani, tulutsani, mangani mfundo kawiri, dulani kusiya timichira. Cha mwana mutha kumanga madzulo awiri muli pakhonde. Ngati manja akuyabwa kufuna zambiri, sokani pamanja motsata mizere ya macheki. Njira anakulemberani kale owomba nsalu. M'mphepete pindirani nsalu ya kuseri kubwera kutsogolo, musokerere.

Mukayamba mu Epulo, osathamanga, Juni adzapeza mwana atafunda. Tizidutswa tikatsalako, musokereko apongozi kansalu kovindikira jagi ya thobwa, ka macheki omwewo, kopeta timitanda m'mphepete. Mudzandiuze ngati adzafunsenso za sukulu.